Njoka ndi abuluzi nawo ali ndi kwao

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Chifunde, nthaka imatulutsa zonse zomwe inasunga m'chilimwe. Inswa zimauluka, achule amayamba kulira m'madambo a Luia ndi Capoche, ndipo pambuyo pa achulewo pamabwera njoka. Imeneyi ndiyo nyengo yomwe mlimi amayang'ana kawiri asanaponde mumzere. Ndiyonso nyengo yomwe njoka iliyonse yobiriwira imatchedwa mbobo, iliyonse yoderako imatchedwa mamba, ndipo zonse zimafera ndodo imodzi.

Komatu awerengi, njoka ndi abuluzi sizingopezeka mwachisawawa ayi. Pa dziko lonse pali mitundu ya njoka yoposa 4,000 ndi ya abuluzi yoposa 7,000, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kwao.

Zathu za kuno ndi za tchire louma, la mitengo ya mombo ndi tsanya yomwe imayoyola masamba m'chilimwe. Tchire lotereli ndi lalikulu, silidziwa malire a maiko, choncho nazo zamoyo zake zili ponseponse. Mphiri yomwe mungaiponde ku Mualadzi ndi mtundu umodzimodzi ndi ya ku Katete, ya ku Mchinji ngakhalenso ya ku Kenya. Chimodzimodzi nsato ndi ng'anzi wa m'mitsinje. Nanga nalimata wa pakhoma? Ameneyo ndiye kamberembere weniweni, chifukwa anakwera zombo kalekale ndipo lero ali m'nyumba za anthu ku Brazil.

Chigawo chathu cha Tete chili ndi mbiri pa nkhaniyi. M'chaka cha 1843 Mjeremani wina wophunzira za zinyama, Wilhelm Peters, anafika m'Mozambique ndipo pambuyo pake anakwera ndi mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete akutolera zamoyo. M'chaka cha 1854 iye analemba m'mabuku mamba yolavula ija ndi kuipatsa dzina loti Naja mossambica, potengera njoka zomwe anazipeza ku Tete ndi ku Sena komweko. Makolo athu anali akuidziwa kale, koma dzina lomwe madokotala a dziko lonse amaitchulira linachokera kuno.

Zinthu zimasintha mukalowa m'nkhalango zamvula. Izi ndi nkhalango zomwe siziyoyola masamba chaka chonse, pansi pake pali mdima ngakhale masana, ndipo zinyalala za masamba siziuma. Yaikulu m'Africa ili ku Congo. Kufupi ndi ife zilipo zing'onozing'ono, zokakamira pa mapiri omwe amakola mitambo yochokera kunyanja yamchere: Mulanje ku Malawi, Chiperone kufupi ndi Milange, Namuli ku Gurué ndi Mabu m'boma la Lugela, atatu omalizawa m'chigawo cha Zambézia. Kumwera kwa phiri la Mulanje kumagwa mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, pomwe mumzinda wa Tete imangopitirira pang'ono 600.

Nkhalango ya Mabu anthu oyandikana nayo amaidziwa kuyambira makedzana, amasakamo ndipo ena anabisalamo nthawi ya nkhondo. Koma akatswiri a sayansi anaizindikira m'chaka cha 2005, pomwe Julian Bayliss anaona chibanga chobiriwira pa zithunzi za Google Earth. Gulu lalikulu la ofufuza linakafikako mu 2008 ndipo linapeza nkhalango ya mahekitala pafupifupi 7,000. M'zinyalala za pansi munali kanjoka kaululu kosakwana theka la mita, komwe sikanalembedwepo m'buku lililonse. Mu 2009 anakapatsa dzina loti Atheris mabuensis. Abale ake ali kutali, m'nkhalango za ku Tanzania ndi ku Congo, koma ikoko kamadziwika pa Mabu ndi Namuli basi.

Nkhani ya abilimankhwe ndiyo yondisangalatsa kwambiri. Pa Mulanje pali bilimankhwe yemwe sapezeka kwina kulikonse, ndipo mu 2006 akatswiri pomuika m'gulu lakelake anabwereka mawu athu omwe, nadzikambe, n'kulitcha gululo Nadzikambia. Chichewa chinalowa m'mabuku a sayansi kudzera mwa kanyama komwe ana athu amakathira fodya m'kamwa! Mbale wake anapezeka pa Mabu ndipo analembedwa mu 2010. Kenaka mu 2014 analengeza mitundu inayi yatsopano ya tiabilimankhwe ting'onoting'ono ta mchira waufupi, tofanana ndi tsamba louma: wina wa pa Mabu, wina wa pa Chiperone, wina wa pa Namuli, wina wa pa phiri la Inago. Phiri lililonse ndi wake.

Chifukwa chake n'chiyani? Akatswiri akuti zaka mamiliyoni zapitazo dera lino linali lachinyontho ndipo nkhalango zinali zolumikizana. Nyengo itayamba kuuma, nkhalango zinatsalira pamapiri pokha ngati zilumba pakati pa nyanja ya udzu. Mbalame ingathe kuuluka kuchoka pa chilumba china kupita china, koma kabilimankhwe kotalika ngati chala sikangadutse ngakhale munda umodzi wa chimanga padzuwa. Banja lililonse linatsekeredwa paphiri pake, ndipo m'kupita kwa nthawi linasanduka mtundu pawokha.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Mukatentha tchire la kuno, mphiri zina zidzabwera kuchokera kutsidya. Koma mukadula nkhalango ya phiri limodzi, mtundu wathunthu watha. Ku mapiri a Malawi Hills m'boma la Nsanje kuli kabilimankhwe kotchedwa Rhampholeon chapmanorum, komwe kanalembedwa mu 1992. Zithunzi za m'mlengalenga zinaonetsa kuti kuchokera mu 1984 pafupifupi magawo 80 mwa 100 a nkhalango yake anasanduka minda, mpaka ena ankaganiza kuti kanatheratu. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Krystal Tolley wa ku South Africa linakapeza kadakalipo, koma m'timagawo ta nkhalango tosiyana, moti ta uku sitingakumanenso ndi ta uko. Odula mitengowo si anthu oipa, ndi alimi ofuna pobzala ngati ife tomwe. Nthano ya makolo ya ku Kaphirintiwa imati munthu atayatsa moto woyamba, bilimankhwe anapulumukira mumtengo. Ku Nsanje mitengo yothawiramo ndiyo ikutha.

Nanga izi zikutikhudza bwanji ife a m'malire? Kudziwa kwao kwa njoka kumathandiza kudziwa yoyenera kuiopa. Mbobo yeniyeni yobiriwira, mbale wa songo, imakonda nkhalango zowirira za m'mbali mwa nyanja yamchere ndi za m'munsi mwa mapiri amvula ngati Mulanje. Njoka zambiri zobiriwira zowonda zomwe timaziona m'mabango kuno n'zodya achule, zilibe ululu wopha munthu. Yoti muchenjere nayo ndi ya m'mitengo, ya mutu waufupi ndi maso aakulu kwambiri. Ndipo bilimankhwe, gulo ndi nalimata alibe ululu m'pang'ono pomwe, ntchito yawo n'kudya tizilombo.

Zoopsa zenizeni za kwathu ndi zomwe timakhala nazo pafupi. Mphiri sithawa, imangogona panjira kudalira khungu lake. Mamba yolavula imalowa m'nyumba usiku posaka mbewa ndi achule, ndipo imaluma anthu ali m'tulo, n'chifukwa chake neti yopindira bwino pansi pa mphasa imateteza ku zambiri osati udzudzu wokha. Songo, ija yotuwa yaitali ya m'kamwa mokuda, ululu wake umaumitsa thupi mpaka munthu kulephera kupuma. Mu 2017 bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa, ndipo linati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa nako chaka chilichonse.

Mankhwala a kuchipatala nawo amatsata kwao kwa njoka, chifukwa amapangidwa kuchokera ku ululu wa mitundu yodziwika. Opangira njoka za ku India sagwira pa mphiri yathu. Choncho wolumidwa afotokozere adokotala maonekedwe a njokayo ndi malo omwe yamulumira, koma asataye nthawi kuithamangitsa. Osatema pabala, osayamwa, osamanga chingwe molimba. Mamba ikakulavulirani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Ndipo ikakhala nalikukuti, ija imaoneka ngati kamtengo kouma, pitani kuchipatala ngakhale simukumva kupweteka, chifukwa magazi angathe kuyamba kutuluka m'mphuno ndi m'nkhama patapita maola ambiri, mwina mawa lake.