Kasankhidwe ka Anthu Ofunsidwa pa Kafukufuku wa Cinenero

Wofufuza cinenero sangathe kumva munthu aliyense amene amacilankhula. Motero amasankha anthu ocepa kuti aimire onse, monga momwe mai amalaŵira msuzi pang'ono kuti adziŵe ngati mcere wakwana mu mphika. Koma mai uja amayamba watakasa ndiwozo. Akapanda kutero, cimene walaŵa ndi ca pamwamba pokha. Kutakasa kwa wofufuza ndiko kupatsa munthu aliyense mwai wosankhidwa.

Kuculuka kwa ofunsidwa sikuwongola kasankhidwe kokhota. M'caka ca 1936 magazini ya ku America yochedwa Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni, ndipo inalosera kuti Alf Landon adzapambana pa cisankho ca pulezidenti. Anapambana ndi Franklin Roosevelt. Maina ambiri anatengedwa m'mabuku a eni matelefoni ndi magalimoto, ndipo anayankha ndi okhawo amene anafuna kutero.

Msampha womwewo ulipo kwa ife. Kalembera wa 2010 anapeza kuti anthu 14.8 pa 100 alionse m'Zambia ankalankhula Cinyanja koposa zinenero zina, ndipo 4.5 anachula Ciceŵa. Wofufuza amene afunsa ophunzira a pa yunivesite okha cifukwa ali pafupi adzalemba Cinyanja ca mu Lusaka, cosakanikirana ndi Cibemba ndi Cingelezi, nanena kuti ndico ca onse. Wopita ku Katete kukamva nkhalamba zokha nayenso alakwa, pakuti kusintha kwa cinenero kumaonekera pakamwa pa acinyamata.

Njira yodalirika ndiyo kuyamba kugaŵa anthu m'magulu malinga ndi dera, msinkhu, maphunziro, ndiponso amuna ndi akazi, kenaka kucita maere m'gulu lililonse. Kumene kulibe mndandanda wa maina, maere agwere midzi kapena makomboni poyamba, ndipo pambuyo pake nyumba za m'menemo.

Nthaŵi zina maere sathandiza, cifukwa munthu akafunsidwa ndi mlendo amasamala malankhulidwe ake. Lesley Milroy, pofufuza ku Belfast m'zaka za m'ma 1970, ankafika kwa anthu ngati mnzake wa mnzao, namva kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. Zopezeka mwa njira imeneyi zimazama, koma zimanena za gulu lokhalo, osati mzinda wonse.

Conco lipoti lililonse liyenera kuchula amene anafunsidwa, momwe anasankhidwira, ndi ciŵerengero ca amene anakana. Popanda zimenezi, woŵerenga sangadziŵe ngati mphika unatakasidwa.