Penti wauma pamwamba, pansi akadali wamuwisi

Kampani ya Tamiya, yomwe ili mumzinda wa Shizuoka ku Japan, imagulitsa timagalimoto ta pulasitiki tili zidutswazidutswa m'bokosi. Revell ndi Airfix amachitanso zomwezo. Wogula amadula zidutswazo, kuzimata, kenako kupaka penti. Tambiri timapangidwa pa muyeso wa 1:24, kutanthauza kuti galimoto yotalika mamita 4.3 imatsala masentimita 18 okha. Omwe amakonda ntchitoyi ambiri ndi akuluakulu a ndevu zawo, ndipo mukawafunsa chimene chimawadwalitsa mutu satchula kumata. Amatchula penti.

Ine ndimati vuto limayambira pa chala. Munthu amakhudza denga la kagalimoto, n'kuona kuti silikumata, basi wagamula kuti penti wauma. Chala chimangodziwa za pamwamba.

Pa mitundu ya penti, tiyambe ndi enamel, chifukwa ndi amene amapusitsa anthu kwambiri. Ndi wa mtundu umodzi ndi penti wa mafuta yemwe timapaka zitseko ndi mafelemu a mawindo. Okonda timagalimoto amamudziwa m'tizitini ta Humbrol ta mamililita 14, tomwe tinayambira ku Hull, ku England. Pentiyu amauma kawiri. Koyamba, madzi osungunulira amauluka, ndipo pakapita maola ochepa pamwamba pamakhudzika. Kachiwiri n'kochedwa: mpweya wa oxygen umalowa pang'onopang'ono n'kumangirira mafuta a m'kati mpaka alimbe. Izi zimatenga sabata, nthawi zina masabata angapo ngati munapaka mochindikala. Zili ngati phala lomwe lachita kakhungu pamwamba pomwe pansi likadali lofewa. Akatswiri amanunkhiza. Mukayandikiza mphuno n'kumvabe fungo la penti, musamukhudze.

Lacquer, monga uja wa m'zitini zopopera za Tamiya TS kapena wa Mr. Color, sachedwa. Thinazi, madzi osungunulira aja, akangouluka ntchito yatha, ndipo m'mphindi zochepa mukhoza kupopera kachiwiri. Koma thinazi wake ndi waukali. Amasungunula lacquer wakale ngakhale patapita zaka, zomwe zimathandiza kuti wakale ndi watsopano agwirane bwino. Ukali womwewo ndi umene umawononga china chilichonse chomwe wachipeza pansi.

Wachitatu ndi acrylic. Apa dzina limasokoneza, poti Vallejo wa ku Spain amasungunulidwa ndi madzi, pomwe Tamiya wa m'timabotolo ta X ndi XF ali ndi alcohol m'kati ndipo ali ndi chosungunulira chake, X-20A. Onse amatchedwa acrylic, koma musawasakanize m'kapu imodzi.

Ndiye nayi ngozi yomwe imagwetsa anthu mphwayi. Munthu wapaka thupi la galimoto enamel wofiira, wasalala bwino. Mawa lake akufuna liziwala ngati galasi, n'kupopera lacquer woonekera mkati pamwamba pake. Pasanathe mphindi zisanu bonati yonse yachita makwinya. Chachitika n'chakuti thinazi wa lacquer walowa mu enamel. Kakhungu kapamwamba kanayamba kale kulimba, kotero sikangasungunuke n'kusalalanso. Kamangofufuma, ndipo poti pansi m'pofewa, kamaterereka n'kukwinyika. N'chifukwa chake dongosolo lodalirika limati waukali akhale pansi: lacquer poyamba, enamel kapena acrylic pamwamba. Alipo ena odzitama kuti amatembenuza dongosololi popopera mopepuka kwambiri, ngati nkhungu. Nthawi zina zimawayendera. Ine sindingayesere pa bokosi lomwe ladutsa nyanja kuti lindipeze.

Pulasitiki nayonso ili ndi zokonda zake. Timagalimototi timapangidwa ndi polystyrene, yomwe imasungunuka ndi thinazi waukali. Mukatenga penti wa galimoto zenizeni kwa owongola galimoto n'kupopera pa pulasitiki yosapaka kanthu, pamwamba pamachita timing'alu ndi timizere tosafufutika. Pamafunika kaye primer, wopopera mopepuka kawiri kapena katatu, kuti atchinge.

Nyengo imalowererapo. Kunja kukakhala chinyezi chambiri, monga m'dzinja mvula itangokata, lacquer amatha kuuma motuwa ngati wawazidwa ufa. Thinazi akamauluka mofulumira amaziziritsa pamwamba, ndiye nthunzi ya mumpweya imasanduka timadontho n'kutsekeredwa m'penti. Kukatentha kwambiri vuto limakhala lina: penti amauma asanafike pa galimoto ndipo amagwa ngati mchenga. Ofuna kufulumizitsa enamel amaika thupi la galimoto m'makina oumitsira zipatso pa madigiri 40 kapena kuposera pang'ono. Kuanika padzuwa lamasana ayi. Denga ndi timizati ta mawindo n'zopyapyala, zimapindika.

Matayala ambiri a m'mabokosiwa ndi a vinyl kapena labala wofewa. Enamel akapakidwa pa vinyl akhoza kumatabe ngakhale patapita miyezi, chifukwa mankhwala ofewetsa vinyl amalowa m'penti n'kumulepheretsa kulimba. Mankhwala omwewo amatha kudya pulasitiki, moti m'mabokosi ena akale mumapeza chidindo cha tayala pa galasi lakutsogolo pomwe linagonera kwa zaka. Zilembo zoyera za pa tayala lembani ndi acrylic.

Njira yotchipa yopewera zonsezi ndi masipuni a pulasitiki aja odyera paphwando, makamaka olimba a polystyrene. Chilichonse chomwe mukupaka pa galimoto, pakaninso kuseri kwa sipuni tsiku lomwelo, motsatana momwemo. Mukafuna kudziwa ngati penti walimba, kanikizani chikhadabo pa sipuni. Mukakayika ngati mapenti awiri angagwirizane, yambirani pa sipuni. Ndipo popopera chilichonse tsegulani mawindo, muvale chophimba kumphuno chosefa mpweya wa mankhwala. Kansalu wamba sikaletsa thinazi.

Zikavuta ndithu, penti amachoka. Enamel amachoka ndi mankhwala otsukira uvuni okhala ndi caustic soda, omwe sadya polystyrene koma amawotcha khungu, kotero valani magolovesi. Acrylic amachoka mukaviika mu isopropyl alcohol, ndipo lacquer wa timagalimoto nayenso kawirikawiri amagonja mukamupatsa nthawi n'kukwecha ndi mswachi wakale. Thinazi wa lacquer musamuyese n'komwe pa ntchito imeneyi, chifukwa amachotsa penti pamodzi ndi zogwirira zitseko, timizere ta bonati ndi dzina la galimoto.