Kamera ya m'thumba: ma megapixel asakunyengeni

Anzanga akamafuna kamera yaing'ono yolowa m'thumba koma ndalama zili zochepa, ndimawauza kuti chiwerengero cha ma megapixel cholembedwa pabokosi chisawanyenge. Nkhani yagona pa kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera. Makamera ambiri otchipa amakhala ndi sensa yaing'ono ya 1/2.3 inchi, ndipo dzuwa likangolowa zithunzi zimatuluka zamchengamchenga. Sony RX100 yomwe inatuluka mu 2012 ili ndi sensa ya inchi imodzi. Ndi yakale ndithu, koma kwa ine yakaunjika yotere imaposa makamera atsopano ambiri otchipa. Pa zoom, yang'anani ya optical, chifukwa ya digital imangodula chithunzi basi. Musanalipire, jambulani khoma loyera muone ngati sipakutuluka madontho a fumbi, ndipo funsani ngati batire lake likupezekabe m'masitolo.