Greenhouse yagalasi

Greenhouse yagalasi ndi nyumba yolimiramo mbewu yomwe denga ndi makoma ake ndi magalasi. Galasi limalowetsa kuwala kwa dzuwa n'kusunga kutentha mkati, choncho tomato ndi mbande zimakula ngakhale m'nyengo yozizira. Koma likasweka limavulaza, ndipo zikatero pamabuka nkhani ya chipepeso.

Ngozi zake

Galasi lomwe limagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi lopyapyala, la mamilimita 3, ndipo limagwiridwa ndi timawaya. Likasweka limasiya zidutswa zazitali zakuthwa ngati mpeni. Mphepo yamkuntho imatha kulizula n'kukaliponya m'munda mwa wina, ndipo tizidutswa totsalira m'nthaka timacheka olima ngakhale patapita zaka. Galasi lolimbitsidwa ndi moto silisweka msanga, ndipo likasweka limangoyoyoka timibulu ting'onoting'ono, koma ndi lodula.

Malamulo

Ku Britain, makhonsolo amabwereketsa anthu timinda ta ndiwo zamasamba totchedwa allotment, ta masikweya mita pafupifupi 250. Ku England ndi Wales, lamulo la Occupiers' Liability Act la 1957 limapereka udindo woteteza alendo kwa amene akuyang'anira malo, ndipo limamuchenjeza kuti ana sasamala ngati akuluakulu. Lamulo lina la 1984 linawonjezera udindo wocheperako pa anthu olowa popanda chilolezo. Choncho wobwereka munda angathe kulipitsidwa mwana wa eni akachekeka, ndipo nthawi zina khonsolo nayo imakhudzidwa ngati ngoziyo yachitikira pa kanjira ka onse. Nchifukwa chake makhonsolo ena amaletsa galasi wamba n'kulola pulasitiki yolimba ya polycarbonate, ndipo mabungwe a olima amagula inshuwalansi.

Ku Malawi

Ku Malawi, ma greenhouse ambiri amafoleredwa ndi pepala lapulasitiki kapena neti, chifukwa galasi ndi lodula komanso limatenthetsa mkati mopitirira muyeso mu Okutobala ndi Novembala. Dziko lino lilinso ndi lamulo lake la Occupiers' Liability Act.

M'madera othithikana ngati Chikanda mumzinda wa Zomba, pafupi ndi University of Malawi, nyumba n'zoyandikana ndipo ana amasewera m'tinjira todutsa m'mbali mwa madimba, ambiri opanda nsapato. Zomba ndi limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pamalo otere, womanga ndi galasi amayenera kutchinga mpanda, kumangirira nyumbayo pamaziko olimba, kutola msanga zosweka, komanso kulemberana ndi mwini malo za amene adzalipire ngozi ikagwa.