Kanema akakula kuposa malo a mu kompyuta

Kukula kwa fayilo ya kanema kumadalira zinthu ziwiri: kutalika kwa kanemayo ndi kuchuluka kwa deta imene kamera imalemba pa sekondi iliyonse, imene odziwa ntchitoyi amaitcha bitrate. Masamu ake ngosavuta. Kamera yojambula pa 100 Mbps imalemba 12.5 MB pa sekondi, poti mabiti 8 ndiwo amapanga bayiti imodzi. Pa mphindi ndi 750 MB, pa ola ndi 45 GB. Wojambula ukwati ndi makamera awiri, kuyambira ku tchalitchi mpaka perekaniperekani atatha, akhoza kufika kunyumba ndi kanema woti sangakwane mu laputopu yake.

Motero kuchepetsa kumayamba kujambula kusanayambe. Pa iPhone, mphindi imodzi ya 1080p imadya pafupifupi 60 MB, pomwe ya 4K ya zithunzi 60 pa sekondi imafika 400 MB. Ngati kanemayo adzaoneredwa pa foni pokha, 4K nthawi zambiri ndi kungowononga malo.

China chochepetsa fayilo ndi njira yopanikizira kanema. Njira ya H.264 idakhazikitsidwa mu 2003 ndipo pafupifupi chida chilichonse chimaiwerenga. H.265, ya mu 2013, imatha kusunga chithunzi chooneka chimodzimodzi pa malo pafupifupi theka. Koma kuchepako kuli ndi mtengo wake. Njira zimenezi sizisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Zimasunga chathunthu mwa apo ndi apo, ndipo pakati pake zimangolemba zimene zasintha. Wokonza kanema akafuna kudula pakati, kompyuta imayenera kumanganso chithunzicho kuchokera ku zoyandikana nazo. N'chifukwa chake fayilo yaing'ono ya H.265 imatha kudodometsa kompyuta yakale kuposa fayilo yaikulu yosapanikizidwa kwambiri.

Mankhwala ake ndi ma proxy. Awa ndi makope opepuka, mwina a 720p, amene pulogalamu imapanga kuchokera ku kanema weniweni. Kudula, kulumikiza ndi kuika nyimbo kumachitikira pa makopewo, kenako potulutsa kanema womaliza pulogalamu imabwerera ku mafayilo enieni. Adobe Premiere Pro ndi DaVinci Resolve zimachita zimenezi, chimodzimodzinso Kdenlive ndi Shotcut, zomwe ndi zaulere. Chofunika n'kusasuntha mafayilo enieniwo kapena kuwasintha mayina ntchito ili mkati, chifukwa pulogalamu imawasowa. Ma proxy komanso mafayilo osakhalitsa a pulogalamu otchedwa cache, amene amachulukana mwakachetechete, ayenera kufufutidwa ntchito ikatha, poti akafunikanso amapangidwanso.

Pa zosungira, SSD ndi yofulumira ndipo imayenera ntchito imene ikukonzedwa, pomwe hard drive wamba ndi yotsika mtengo posunga zimene zatha. Mafayilo enieni akhale pa zosungira ziwiri zosiyana memory card isanafufutidwe, poti mwambo ngati ukwati sungabwerezedwe. Flash ikakana fayilo chonsecho malo alipo, kawirikawiri vuto ndi format yake ya FAT32, imene silola fayilo imodzi yoposa 4 GB. Kuisintha kukhala exFAT kumathetsa vutolo, koma kumafufuta zonse zili momwemo.

Potulutsa kanema womaliza ndi pomwe kupanikiza kumapindula kwambiri. YouTube imalimbikitsa 8 Mbps pa kanema wamba wa 1080p, kutanthauza pafupifupi 3.6 GB pa ola. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imathandiza kuchepetsa fayilo mpaka pamenepo kapena kutsikirapo. Kupanikiza kulikonse kumataya kanthu kosabwereranso, choncho kope lililonse latsopano lichokere ku fayilo yabwino koposa, osati ku lina lopanikizidwa kale. WhatsApp imapanikizanso kanema wotumizidwa mwachizolowezi; akatumizidwa ngati document amafika momwe alili, ndipo kuyambira 2022 malire ake ndi 2 GB, ngakhale bandulo ya wolandirayo ndiyo imavutika.