Kodi Wolamulidwa ndi Lamya Ali Mfulu?

Pa 19 February 2021 Bwalo Lalikulu la milandu ku Britain linagamula mlandu umene oyendetsa galimoto, motsogozedwa ndi James Farrar ndi Yaseen Aslam, anasumira kampani ya Uber. Pamtima pa mlanduwo panali funso ili: kodi munthu wolandira ntchito kudzera pa lamya ya m'manja ali mwini malonda wodzilamulira yekha, kapena ali wantchito wa mwini makinawo?

Kampaniyo inati oyendetsawo ali mfulu ndithu, pakuti galimoto ankapeza okha, ndipo ankayamba ntchito ndi kuweruka pa nthawi imene afuna. Koma oweruza anaona zina. Mtengo wa ulendo unkaikidwa ndi Uber. Mapangano ankalembedwa ndi Uber, woyendetsa nangovomera. Wokana maulendo motsatizana ankatsekeredwa kunja kwa mphindi 10. Okwera ankapatsa woyendetsa malikisi, ndipo wolandira ochepa ankachenjezedwa, potsiriza n'kuchotsedwa. Chifukwa cha ichi bwalo linati anthuwa ndi antchito, oyenera malipiro osachepera amene lamulo linaika, ndiponso tchuthi cholipidwa. M'mwezi wa March chaka chomwecho Uber inalonjeza zimenezi kwa oyendetsa oposa 70,000.

Komatu maiko sanagwirizane pa nkhaniyi. Ku California, mu November 2020, anthu anavotera lamulo lotchedwa Proposition 22, lakuti oyendetsa otere akhalebe odziimira paokha, ndipo bwalo lalikulu la kumeneko linalivomereza mu 2024. Chaka chomwecho cha 2024 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti munthu asachotsedwe ntchito ndi kompyuta yokha. Chiweruzo chotere chiyenera kuchokera kwa munthu.

Ufulu wosankha ola loyambira ntchito suli wonama, ndipo mayi wolera ana kapena wophunzira wa usiku adziwa kufunika kwake. Koma mbuzi ya chingwe chachitali nayonso imasankha msipu, pomwe chikhomo anakhoma ndi wina. Kale kapitao ankaoneka ndi maso, ndipo wolakwiridwa ankadziwa khomo lokadandaulako; kapitao wa makono ndiye masamu obisika m'makina, amene eni ake kawirikawiri ali kutsidya kwa nyanja.

Tsono olemba malamulo a ntchito ndi aphunzitsi okonzekeretsa ana ntchito za mawa ayenera kuyesa ufulu wa wantchito ndi mafunso atatu: ndani aika mtengo wa thukuta lake, ndani angamchotse, ndipo akachotsedwa adzadandaula kwa yani?