Umwini wa Mabuku Akale ndi Kuwaika pa Intaneti

Pangano la Berne limateteza buku kwa zaka zosachepera 50 mlembi atamwalira. Motero mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa 1892 tingathe kuujambula ndi kuuika pa intaneti popanda mlandu, pakuti mlembi wake, David Clement Scott, adamwalira mu 1907. Vuto lagona pa magazini ndi timabuku ta ulimi ndi umisiri ta m'ma 1980, momwe muli mawu a ntchito amene ife ofufuza ziyankhulo timawafuna. Osindikiza ena adatseka kalekale, koma lamulo likutetezabe zolembazo pamene chiswe chikudya mapepala. Tikuona kuti nkoyenera kuyamba tafufuza mwini wake, kujambula buku lonse osasinthapo kanthu, kutchula mlembi, osaligulitsa, ndi kulichotsa mwiniyo akadandaula. Komabe tivomereze kuti kusamala kotereku sikufafaniza lamulo.